Sikani ya mutu siona kuiwala kwa agogo

Anthu akadziwa kuti ntchito yanga ndi yojambula odwala, kale ankandifunsa za mimba zokhazokha. Zimenezo aliyense akuzidziwa: mayi wapakati amagona chagada, timamupaka jelo, mwana n'kuonekera pa sikirini. Masiku ano kuno ku Chipasula mafunso asintha. Munthu amandiimitsa pochokera kutchalitchi: "Achimwene, amayi ayamba kuiwalaiwala. Dzulo anathira mchere m'tiyi, lero akufunsa bambo amene tinaika kalekale. Sikani yanu ija singaone chimene chalowa m'mutumo?"

Zina ingaone, koma kuiwalako singakuone. Ndifotokoze chifukwa chake musanagulitse njinga kapena mbuzi.

Makina a ultrasound amatumiza m'thupi mawu okwera kwambiri amene khutu la munthu silingamve. Mawuwo akagunda chiwalo amabwerera, ndipo kompyuta imawasandutsa chithunzi. Mulibe cheza chilichonse choopsa, n'chifukwa chake sitiopa kujambula nawo mwana wosabadwa. Mdani wake ndi fupa, chifukwa limabweza mawu ambiri asanalowe. Khanda sitivutika nalo: timaika kachipangizo paliwombo, ubongo wonse n'kuoneka bwinobwino, ndipo ndi mmene timaonera ana amene madzi akudzadza m'mutu. Koma liwombo limatseka mwana asanafike zaka ziwiri, ndipo kwa nthawi yaitali madokotala ankati chigaza cha munthu wamkulu n'chosalowereka.

Mu 1982 katswiri wa ku Norway, Rune Aaslid, anasonyeza kuti pali polowera. Pambali pa mutu, pakati pa diso ndi khutu, fupa ndi lopyapyala, ndipo mawu otsikirapo a 2 MHz amatha kudutsa. Njira imeneyi imatchedwa transcranial Doppler. Wodwala amagona phee, ife timapaka jelo pafupi ndi khutu n'kumasuntha kachipangizo pang'onopang'ono ngati sitikusuntha n'komwe. Poyamba kumangomveka phokoso lopanda mutu. Kenako, pakuya kwa masentimita pafupifupi 5, kumamveka "fwuu, fwuu" motsatira kugunda kwa mtima. Amenewo ndi magazi akudutsa mumtsempha waukulu wodyetsa mbali imeneyo ya ubongo. Makina amawerenga liwiro lake, limene mwa munthu wamkulu wathanzi limakhala cha m'ma 50 kapena 60 masentimita pa sekondi, n'kumatsika akamakalamba. Mtsempha ukapanikizika penapake, liwiro limakwera pomwepo, monga mmene madzi amathamangira mukatsina paipi yothirira dimba.

Nanga magazi akugwirizana bwanji ndi kuiwala? Matenda oiwalaiwala, amene kuchipatala timati dementia, ali ndi magwero angapo. Bungwe la WHO limati anthu oposa 55 miliyoni padziko lonse ali nawo, ndipo mwa odwala 100 alionse, 60 mpaka 70 ali ndi mtundu wa Alzheimer, umene dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaufotokoza mu 1906. Mtundu wachiwiri ndi wa mitsempha: BP ndi shuga zimaumitsa timitsempha ta mu ubongo, timasitiroko ting'onoting'ono timachitika mwini wake osadziwa, ndipo nzeru zimatsika mwa apo ndi apo. Umenewu ndi umene umandidetsa nkhawa kwathu kuno. Kafukufuku wa STEPS wa mu 2009 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu atatu alionse m'Malawi ali ndi BP yokwera, ndipo ambiri sankadziwa.

Ofufuza akayerekeza magulu a anthu amapeza kuti mwa odwala dementia magazi amayenda pang'onopang'ono mu ubongo, komanso amagunda mwamphamvu chifukwa mitsempha yauma. Zimenezi n'zoona pa gulu. Pa munthu mmodzi amene wagona pabedi langa, nambala imeneyo siindiuza kuti ali ndi dementia kapena ayi. Agogo ena a zaka 80 mitsempha yawo ndi youma koma amakumbukira aliyense amene ali nawo ngongole. Ndiye pali vuto lina limene otsatsa makina satchula kawirikawiri: mwa anthu ena fupa lija ndi lochindikala moti mawu sadutsa, ndipo zimenezi zimachitika kwambiri mwa amayi okalamba ndi mwa anthu akuda. Mukuona nokha kuti amenewo ndi agogo athu enieniwo.

Sindikunyoza makinawa. Pa ana odwala sickle cell apulumutsa ambiri: kafukufuku wa ku America wa mu 1998 anasonyeza kuti mwana amene liwiro la magazi ake lafika masentimita 200 pa sekondi ali pangozi ya sitiroko, ndipo kumuika magazi pafupipafupi kunachepetsa ngoziyo ndi pafupifupi 90 peresenti. Kwa okalamba, sikani ya pakhosi ndi ya pambali pa mutu zimathandiza dokotala kudziwa ngati mitsempha ili ndi mlandu pa nkhaniyo. Ntchito yake imathera pamenepo.

Chithunzi chenicheni cha ubongo wa munthu wamkulu chimachokera ku CT, monga ya ku Kamuzu Central, kapena MRI, imene yoyamba m'dziko muno inafika ku Queens ku Blantyre mu 2008 chifukwa cha kafukufuku wa malungo a mu ubongo mwa ana. Izinso sizilemba kuti "dementia". Timazigwiritsa ntchito pofufuza zinthu zina zimene zimanamizira matendawa: chotupa, madzi odzadza, kapena magazi oundana pansi pa chigaza. Chomalizachi muchisunge. Agogo akagwa pa kabaza kapena kubafa, akhoza kudzuka bwinobwino, koma patatha masabata angapo n'kuyamba kusokonezeka ndi kudzandira. Magazi amenewo madokotala amachotsa ndi opaleshoni, munthu n'kubwerera mwakale.

Chimene chimapeza dementia ndi kucheza. Dokotala amafunsa amene amakhala ndi wodwalayo kuti zinayamba liti, zinabwera pang'onopang'ono kapena mwadzidzidzi, akuthabe kuphika, kuwerenga chenji, kubwerera okha kuchokera kumsika. Kenako amayesa wodwalayo. Ku Hai, m'dziko la Tanzania, ofufuza anapeza kuti 6.4 peresenti ya anthu a zaka 70 kupita m'tsogolo anali ndi matendawa, ndipo komweko anakonza mayeso oyenera ngakhale amene sanapite kusukulu: kutchula nyama zambiri mmene angathere pa mphindi imodzi, kukumbukira mawu amene anauzidwa, kuyala timitengo ta machesi motsanzira mmene woyesa anayalira. Pambuyo pake pamabwera kuyeza magazi, chifukwa HIV, chindoko, vuto la chithokomiro ndi kuperewera kwa vitamini B12 zimasokoneza nzeru, ndipo zonsezi zili ndi mankhwala. Mowa, kuvutika maganizo ndi kugontha makutu nazo zimafanana ndi kuiwala. Alzheimer yeniyeni ilibe mankhwala ochiritsa, ndipo amene angakulonjezeni kuti achiza akufuna ndalama zanu.

Pali chinanso chimene sindingachisiye. Wodwala dementia amadzuka usiku n'kumayenda, nthawi zina osavala, akufunafuna kumudzi kumene anakulira. Akapezeka m'bandakucha pakhomo la eni ku Area 23 kapena ku Biwi, osatha kunena dzina lake, anthu amathamangira kunena kuti wagwa pa lichero. Tonse tikukumbukira okalamba anayi amene anaphedwa ku Neno mu Januwale 2016 powaganizira ufiti. Lamulo la mu 1911 limaletsa kutchula munthu kuti ndi mfiti. Mukapeza agogo otero, afunditseni chitenje, muwapatse madzi, muuze amfumu kapena apolisi.

Ngati kusokonezekako kwabwera m'masiku awiri kapena atatu okha, musadikire: akhoza kukhala malungo, chibayo, shuga kapena sitiroko, ndipo pitani nawo tsiku lomwelo. Ngati kwatenga miyezi, yambirani ku Kawale kapena chipatala chimene muli nacho pafupi. Tengani kabuku kawo, mankhwala onse amene akumwa, azitsamba omwe, ndipo gadiyani akhale amene amagona nawo nyumba imodzi, osati mwana wa ku Johannesburg amene wangofika dzulo. Sikani aisankhe ndi dokotala akamaliza kumva nkhani yonse. Inunso mukafika kumeneko pemphani akuyezeni BP, m'zipatala za boma ndi ulere.