Nyenyezi ya mchira: tingaione bwanji ikayamba kuzilala?



Kumapeto kwa Okutobala 2024, titaswali Isha, tinasonkhana kuseri kwa nyumba ya mphunzitsi mnzanga ku Biwi mu Lilongwe. Mnzangayu ali ndi katelesikopu kakang'ono, ndipo timafuna kuona nyenyezi ya mchira yotchedwa Tsuchinshan-ATLAS. Mwana wina wa ku madrasa atasuzumira anati, "Shehe, palibe kanthu, ndi kautsi chabe." Mayi ake anali atamuletsa kubwera, ati nyenyezi yotere ndi malodza. Kautsiko ndiye kanali nyenyeziyo.

Ngakhale timaitcha nyenyezi, kwenikweni ndi chibuma cha madzi oundana, fumbi ndi miyala chomwe chimazungulira dzuwa. Chikayandikira dzuwa chimatenthedwa n'kutulutsa mpweya ndi fumbi, ndipo zimenezi ndizo zimapanga mchira, womwe umaloza kumbali yosiyana ndi kumene kuli dzuwa. Chikamatalikira, mchira umachepa ndipo kuwala kumazilala. Tsuchinshan-ATLAS inaoneka koyamba mu 2023 kwa akatswiri a ku China ndiponso pa makina a ATLAS a ku South Africa. Inayandikira kwambiri dzuwa pa 27 Seputembala 2024, ndi dziko lathu pa 12 Okutobala, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 71 miliyoni. Masiku amenewo inkaoneka ndi maso okha chakumadzulo, koma patatha masabata awiri inafunika magalasi.

Kuti muione ikazilala, yambani ndi kalendala yathu ya mwezi. Masiku khumi omaliza a mwezi wa Chisilamu, mwezi umachedwa kutuluka ndipo madzulo kumakhala mdima wabwino. Ife tinali kumapeto kwa Rabiul Thani.

Kenako thawani kuwala. Zimitsani nyale, bisani foni, ndipo khalani mumdima mphindi 20 mpaka 30 kuti maso azolowere. Mukangoyang'ana foni, mwayambiranso. Pamenepa inu a ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota muli ndi mwayi kuposa ife a mutauni, bola mufulatire nyale za asodzi.

Pa telesikopu, ikani galasi lokulitsa pang'ono. Lokulitsa kwambiri limachepetsa dera lomwe mukuona ndipo kautsiko kamavuta kukapeza. Magalasi a maso awiri oonera patali amathandizanso, makamaka mukatsamiritsa zigongono pa khoma. Mukakapeza, musakayang'ane mwachindunji. Ponyani diso pambali pang'ono. Mbali ya diso yomwe imamva kuwala kochepa ili m'mphepete, osati pakati.

Nanga mudziwa bwanji kuti mwaonadi nyenyezi ya mchira? Jambulani papepala kautsiko pamodzi ndi nyenyezi zitatu kapena zinayi zoyandikana nako. Mawa lake yang'ananinso. Nyenyezi zinazo zidzakhala monga munazijambulira, koma kautsiko kadzakhala katasuntha. Mwana uja anachita zimenezi, ndipo usiku wachiwiri anabwera ndi mayi ake.

Za malodza, tikumbuke kuti tsiku lomwe Ibrahim, mwana wa Mtumiki (SAW), anamwalira kunachitika kadamsana wa dzuwa. Anthu anaganiza kuti n'chifukwa cha malirowo, koma Mtumiki anawakonza: dzuwa ndi mwezi ndi zizindikiro za Allah, ndipo kadamsana sachitika chifukwa cha imfa kapena moyo wa munthu. Nyenyezi ya mchira nayo imayenda m'njira yomwe inaikidwa, moti akatswiri amawerengera kubwera kwake. Ya Halley, yomwe imabwera pafupifupi zaka 76 zilizonse, inaoneka mu 1986 ndipo ikuyembekezeka mu 2061.

Choncho mukamva kuti kwabwera ina, musatsekere ana m'nyumba. Maso omwe timafufuzira mwezi wa Ramadan ndi omwewo. Apatseni pepala ndi pensulo, mutuluke nawo. Insha Allah, ena a iwo adzaona ya Halley ali ndi adzukulu awo.