Nambala ya Chitseko: Kompyuta Ilemba, Koma Ndani Aganiza?

M'gawo lapitalo tinaona momwe pulani ya nyumba inachokera pa thebulo la wojambula nkukalowa m'kompyuta. Lero tikambe za kantchito kooneka kopepuka, kamene komabe kakalakwika kamatayitsa ndalama zambiri: kulemba zizindikiro pa zitseko, mazenera ndi makoma a m'pulani.

Amene anagwirapo pulani ya sukulu kapena ya chipatala anaona kuti pambali pa chitseko chilichonse pamakhala kanambala. Nambalayo si yokometsera pepala ayi. Imatsogolera kalipentala ku mndandanda wa pa tsamba lina, pamene palembedwa kutalika ndi kufupika kwa chitsekocho, mtundu wa matabwa, loko wake, ndiponso ngati chiyenera kupirira moto. Nambala ya pa pulani ikasiyana ndi ya pa mndandanda, kalipentala amakhoma chitseko cha mamilimita 800 pamene womanga wasiya mpata wa chitseko cha 900, ndipo cholakwacho chimadziwika galimoto itatula kale katundu.

Kale ntchitoyi inali ya wojambula wamng'ono mu ofesi, ali ndi cholembera cha inki kudzanja lina ndi lezala lopalira zolakwika kudzanja linzake. Mkulu wake akachotsa chitseko chimodzi, mnyamatayo ankafunafuna masamba onse kuti akonze manambala. Pulogalamu ya AutoCAD, imene inatuluka mu 1982, inachepetsa thukuta, komabe kompyuta inkangoona mizere. Sinkazindikira kuti mizere ija ndi chitseko.

Zinthu zinasintha ndi mapulogalamu onga ArchiCAD, ya kampani ya Graphisoft ya ku Hungary, ndi Revit, imene inatuluka mu 2000 ndipo kampani ya Autodesk inaigula mu 2002. M'mapulogalamu amenewa munthu amamanga nyumba yathunthu m'kompyuta, ndipo chitseko chilichonse chimakhala ndi mbiri yake: muyeso, mtundu ndi nambala. Tsono chizindikiro chilibe mawu akeake. Chimangowerenga mbiri ija nkuionetsa. Aphunzitsi anzanga, taganizani kuti dzina la mwana mwalikonza m'kaundula, pompo nkusintha lokha pa malipoti onse. Ndi momwemo: mukasintha nambala pa mndandanda, pa pulani isinthanso.

Mu Revit muli lamulo lotchedwa Tag All Not Tagged, limene limaika zizindikiro pa zitseko kapena mazenera onse a pa chithunzi chimene mwatsekula, m'kanthawi kochepa. Ofuna zoposa apo amagwiritsa ntchito Dynamo, chida chimene munthu amalumikiziramo timabokosi ta malangizo ndi mizere, osalemba chinenero cha kompyuta. Ndi chimenechi angathe kulamula kuti kompyuta iyende pa nsanjika zonse, ipeze chipinda chimene chitseko chilichonse chikulowa, nkuchipatsa nambala ya chipindacho. Chitseko cha chipinda 105 chikhala 105A, chinzake 105B. Izi nzofunika, pakuti pulogalamu ikasiyidwa yokha imapereka manambala motsata momwe wojambula anaikira zitsekozo, kotero kuti chitseko 7 chingathe kukhala pansi, 8 nkukhala pa nsanjika yachitatu.

Komatu apa mpamene ndimatsutsana ndi amene amati munthu ntchito yamuthera. Choyamba, zizindikiro zoikidwa mwa chamuna chotere kawirikawiri zimasanjikizana kapena kuphimba miyeso, ndipo wina ayenera kuzisuntha kuti mmisiri wowerenga pulani padzuwa, manja ali ndi simenti, asavutike. Chachiwiri ndicho chachikulu. Chizindikiro chimabwereza zimene chauzidwa. Wojambula akaika chitseko wamba pamene pafunika chopirira moto, kompyuta idzalemba cholakwacho bwinobwino pa pulani ndi pa mndandanda pomwe, ndipo poti masamba onse adzagwirizana, palibe amene adzakayike. Kale kusiyana kwa masamba nthawi zina ndiko kunkaulula cholakwa. Lero cholakwa chimavala suti.

Nchifukwa chake inu amene mwangomaliza Folomu 4, ndipo mukulakalaka kukaphunzira za mapulani ku MUBAS, imene kale inali The Polytechnic, kapena kusukulu za ntchito zamanja, musadalire kulemba kokongola kokha. Ntchito yokopera manambala ndi imene makina atenga. Chotsala ndi kudziwa chifukwa chake chitseko cha holo chiyenera kutsekukira kunja, ndi chifukwa chake cha chipinda cha odwala chimakula kuposa cha mosungira katundu.

Ine ophunzira anga ndimawatuma ndi tepi kukayesa zitseko zonse za pa sukulu, kuzipatsa manambala motsata zipinda, nkulemba mndandanda. Magulu awiri sabweretsa mndandanda wofanana, ndipo mkangano wake umatha phunziro lonse.

Sabata yamawa tidzaona momwe mndandanda womwewu umathandizira powerengera mtengo wa nyumba.