Jakisoni wa nyaope ndi fangasi m'magazi

Anthu akaona achinyamata akudzibaya ufa wosokoneza bongo wotchedwa nyaope ku Hillbrow, amangoganiza za HIV. Ine chimandidetsanso nkhawa ndi Candida, fangasi amene amakhala pakhungu ndi m'kamwa mwathu osativuta. Munthu akanyambita singano, kapena akasungunula ufawo ndi madzi akuda kapena a mandimu, fangasiyu amalowa m'magazi. Amakakhazikika mumtima, nthawi zina m'maso, mpaka munthu kuchita khungu. Mankhwala opha mabakiteriya samugwira n'komwe.

Mu 2018 madokotala a chipatala cha Chris Hani Baragwanath ku Soweto anafotokoza kuti matenda a mumtima akuchuluka pakati pa odzibaya nyaope, ngakhale ambiri anali a mabakiteriya.

M'bale wanu wodzibaya akatentha thupi masiku angapo, chonde mupititseni akayezedwe magazi, ndipo asabise kwa dokotala kuti amadzibaya.