USIKU UMODZI NDI AKATSWIRI A NYENYEZI KU SUTHERLAND

Abale anga a ku migodi, inu mumatsika pansi kukafuna golide, koma m'dziko lomweli la South Africa alipo anthu ena amene shifiti yawo ndi yoyang'ana kumwamba usiku wonse. Ine mlembi wanu ndinaloledwa kuchezera nawo usiku umodzi, ndipo ndati ndikusimbireni zimene ndinaona.

Malowo ali pa phiri kunja kwa tauni yaing'ono ya Sutherland, m'chipululu cha Karoo, makilomita oposa 350 kuchokera ku Cape Town. Anasankha kumeneko chifukwa kulibe utsi kapena kuwala kwa magetsi a m'mizinda, ndipo phirilo lili pafupifupi mamita 1,800 pamwamba pa nyanja. Kumazizira kwabasi. Chisanu chimene mumadandaula nacho ku komboni ku Joni n'chamwana.

Telesikopu yaikulu koposa pamenepo dzina lake ndi SALT, ndipo anaitsegulira ndi Pulezidenti Thabo Mbeki mu November 2005. Galasi lake si limodzi ayi. Ndi magalasi 91 a ngodya zisanu ndi imodzi, lililonse lotambalala mita imodzi, olumikizidwa ngati chisa cha njuchi, ndipo onse pamodzi akwana pafupifupi mamita 11. Kukulako n'kofunika chifukwa monga denga lalikulu la malata limatunga madzi ambiri a mvula, momwemonso galasi lalikulu limasonkhanitsa kuwala kwa nyenyezi zimene diso la munthu silingazione.

Dzuwa litalowa, agalimoto onse anazimitsa nyali zazikulu. M'nyumbamo munali anthu awiri okha ogwira ntchito, katswiri wa nyenyezi ndi woyendetsa makina, amene ndingamufanizire ndi uja amatsitsa ndi kukweza chikepe. Ntchito yoyamba inali kulinganiza magalasi onse 91 kuti akhale ngati limodzi, ndipo anachita zimenezi ndi chipangizo chimene chili pa nsanja yaitali pambali pa nyumbayo. Palibe amene amasuzumira ndi diso m'telesikopu imeneyi. Onse awiri amakhala m'chipinda chofunda, maso ali pa makompyuta.

Tsono chimene chinandichititsa chidwi koposa ndi ichi: SALT siweramira kumene mwini wake afuna. Inapendekeka pa madigiri 37 kuchokera pa liwombo, ndipo imangozungulira monga munthu wouma khosi. Motero nyenyezi iliyonse amaidikira kuti ifike yokha pamalo oyenera, ndipo kawirikawiri imaoneka kwa ola limodzi kapena kupitirira pang'ono. Ikadutsa yapita. Katswiriyo amakhala ndi mndandanda wa zopempha za ophunzira a ku South Africa, Poland, India, America ndi kwina, ndipo ayenera kusankha msanga choti ayambe nacho malinga ndi mwezi, mitambo ndi nthawi. Eni zopemphazo sabwera ku phiri. Amakhala ali m'tulo kwawo.

Cha pakati pa usiku kunabwera chinyezi, ndipo woyendetsa makina anatseka denga osafunsanso kawiri, pakuti mame sayenera kugwera pa magalasi. Nyenyezi imene anali kuiyembekezera inadutsa denga lili chitsekere, ndipo wophunzira amene anaipempha anayenera kudikira usiku wina.

Tikumwa tiyi podikira, katswiriyo anandifotokozera chimene amachita nako kuwalako. Amakugawa m'mitundu yake ngati utawaleza, ndipo m'mitundumo mumaoneka timizere tosonyeza zimene zili m'nyenyeziyo, kaya chitsulo, kaya mpweya wamtundu wakuti. Ndi ntchito yonga ya aja oyesa miyala pa mgodi, kungoti awa mwala wawo saugwira m'manja.

Apa ndi pamene nkhaniyi ikukukhudzani inu. Pa 17 August 2017, makina a ku America ndi ku Italy anazindikira kuti nyenyezi ziwiri zakufa, zazing'ono ngati mzinda koma iliyonse yolemera kuposa dzuwa, zagundana kutali zedi, kotero kuti kuwala kwake kunayenda zaka pafupifupi 130 miliyoni kuti kufike kuno. Matelesikopu ambiri anathamangira kuyang'ana malowo, ndipo SALT inali imodzi mwa zoyamba kugawa kuwalako, ngakhale kuti kunali chakumadzulo pafupi kulowa ndipo nthawi inali yochepa ndithu. Pa zimene anapeza onsewo, akatswiri ambiri atsimikiza mtima kuti kugundana kotereku ndi ng'anjo imodzi imene mumapangikira zitsulo zolemera monga golide ndi pulatinamu. Ndiye kuti golide wa pa Witwatersrand, amene anthu akhala akukumba chiyambire 1886, sanabadwire m'mwalamo. Analipo kale dziko lino lisanaumbike zaka zoposa 4,500 miliyoni zapitazo.

Itakwana 3 koloko chinyezi chinachepa ndipo denga linatsegukanso. Ndinatuluka panja pang'ono. Mlalang'amba unali mbee ngati ufa wotayika pa njira, nyenyezi zochuluka kuposa zimene tinkaona kumudzi tili ana. Awiri aja analibe nthawi yoima panja. Anapezako nyenyezi zina zitatu kusanache. Kum'mawa kutafiira anatseka denga, analemba lipoti la shifiti, ndipo zonse zimene anajambula zinatumizidwa ku Cape Town kuti akazikonze ndi kuzipereka kwa eni ake.