Chipukutamisozi: chachikulu, chokhota, chochedwa ndi chosalipidwa

Pabwalo la mfumu ku Lupande, m'chigwa cha Luangwa ku Zambia, mbuzi ikadya mmera wa mnzako mlandu sugona: mwini mbuzi amalipira, anthu n'kumwazikana. Koma wolakwa akakhala boma kapena kampani, chipukutamisozi chimatenga zaka makumimakumi, ndipo ambiri amatsikira kulichete asanachione. Nayi milandu imene inaposa inzake.

Chachikulu koposa

Pa 10 September 1952, ku Luxembourg, Konrad Adenauer wa ku West Germany ndi Moshe Sharett wa ku Israel anasainirana pangano lolipira chifukwa cha Ayuda pafupifupi 6 miliyoni amene chipani cha Nazi chinapha. Israel inalonjezedwa mamaki 3 biliyoni, ndipo bungwe la Claims Conference, loimira Ayuda a m'mayiko ena, mamaki 450 miliyoni. Si onse anakondwa: Menachem Begin anatsogolera zionetsero ku Yerusalemu pokana ndalama zimene ankaziona kuti n'zamagazi. Germany ikulipirabe opulumuka mpaka lero, ndipo zonse pamodzi zapitirira madola 80 biliyoni.

Katundu wobwezedwa wodula kwambiri

Chithunzi cha Adele Bloch-Bauer chimene Gustav Klimt anachimaliza mu 1907 chinalandidwa ndi a Nazi n'kukapachikidwa ku Belvedere mumzinda wa Vienna. Maria Altmann, wa m'banja lomwelo, anachimenyera mpaka kukhoti lalikulu la ku America, ndipo anachilandira mu 2006 ali ndi zaka pafupifupi 90. Chinagulidwa madola 135 miliyoni, mtengo umene panthawiyo unkatchulidwa kuti ndi woposa wa chithunzi china chilichonse.

Chokhota koposa

Britain itathetsa ukapolo mu 1833 inatulutsa mapaundi 20 miliyoni, koma analandira ndi eni akapolo. Akapolowo sanaone ngakhale khobidi. Haiti ndiye inaona zoposa apa: mu 1825 France inailamula kulipira mafranki 150 miliyoni chifukwa chodzimasula.

Chochedwa koposa

Asilikali a Germany anapulula Aherero ndi Anama ku Namibia kuyambira 1904 mpaka 1908. Boma la Germany linadzavomera mlanduwo mu May 2021, n'kulonjeza mayuro 1.1 biliyoni a chitukuko pa zaka 30. Atsogoleri ambiri a mitundu iwiriyi anakana panganolo chifukwa linakambidwa ndi maboma, iwo ali kunja.

Zimene zinatheka kuno ku Africa

Mu 2013 Britain inalipira mapaundi 19.9 miliyoni kwa anthu 5,228 a ku Kenya amene anazunzidwa pa nkhondo ya Mau Mau. Mu 2018 makampani a golide a ku South Africa anavomera kupereka marandi 5 biliyoni kwa amene anadwala m'mapapo ndi fumbi la mumgodi. Ndalamazi zikugawidwa ndi Tshiamiso Trust, ndipo Amalawi amene anagwira ntchito ku Joni ali m'gulu la oyenera kulandira.

Waukulu koposa wa ku Zambia

Mgodi wa mtovu wa ku Kabwe unatsekedwa mu 1994, koma ana akuseweretsabe dothi lapoizoni. Mu October 2020 maloya anasumira kampani ya Anglo American ku Johannesburg chifukwa cha poizoniyo m'malo mwa amayi ndi ana pafupifupi 140,000. Mu December 2023 khoti linakana kuti mlanduwo uzengedwe ngati wa gulu limodzi, ndipo odandaula anachita apilo. Anzawo a ku Chingola zinawayendera: anthu 1,826 analoledwa mu 2019 kusumira Vedanta ku London chifukwa choipitsa madzi, ndipo mu 2021 kampaniyo inagwirizana nawo kunja kwa khoti.

Chakale koposa m'chigwa cha Luangwa

Mu 1950 Norman Carr anagwirizana ndi Mfumu Nsefu ya Akunda kuti ipatule malo osungirako nyama. Panamangidwa msasa woyamba wa alendo oona nyama ku Northern Rhodesia, ndipo ndalama zake zinkapita ku ulamuliro wa Akunda. Malowo anadzalowa m'paki ya South Luangwa, yomwe inakhazikitsidwa mu 1972 ndipo ndi yaikulu masikweya kilomita 9,050. Kumene makolo ankasaka ndi kuwedza kunasanduka koletsedwa.

Ntchito yachitukuko ya LIRDP, yothandizidwa ndi Norway kuyambira cha m'ma 1980, inayesa kubweza kanthu kwa anthu a mafumu asanu ndi imodzi a ku Lupande: Nsefu, Kakumbi, Mnkhanya, Jumbe, Malama ndi Msoro. Kuyambira 1996 ndalama za osaka nyama zinkafika m'midzi mwenimweni. Anthu ankakhala pansi pamsonkhano, ndalama n'kuwerengedwa onse akuona, kenako n'kukambirana kuti zingati zilowe m'thumba, zingati zipite ku mjigo kapena ku sukulu. Lero gawo la anthu limadzera m'mabungwe a m'madera otchedwa ma CRB, amene anabwera ndi lamulo la zanyama la 1998.

Chosalipidwa n'komwe

Gawo limeneli ndi la malonda a nyama. Si malipiro a malo amene anapita. Ndipo njovu zikalowa m'munda usiku, mlimi woti wagona pamsasa akuwomba zitini ndi kufukiza tsabola n'kupeza m'mawa chimanga chonse chili pansi, lamulo la Zambia silimulonjeza kalikonse.

Onse amene anapambana m'milandu ya pamwambayi anali ndi zinthu zitatu: mayina olembedwa, umboni wosungidwa, ndi khoti kapena boma lokakamizika kumva. Ku Lupande okalamba odziwa malire akale akutha, ndipo minda yowonongeka imaiwalika dzinja lina likafika. Mafumu ndi ma CRB akayamba kulemba zonsezi m'kaundula, mudzi ndi mudzi, chaka ndi chaka, adzakhala ndi popondera tsiku limene adzapemphe aphungu kuti lamulo lisinthe.