Mafunso ndi Mayankho: Kodi Mabedishiti a Nsungwi Ali ndi Vuto Lanji?

Mabedishiti otchedwa a nsungwi atchuka m'masitolo a ku America, ku Ulaya ndi ku South Africa. Otsatsa malonda amawatama kuti ndi ofewa, amapha majeremusi ndiponso sawononga chilengedwe. Za kufewazo palibe amene amatsutsa, koma zinazo zalipitsa kale makampani akuluakulu chindapusa.

Nsungwi yolimba ija imasanduka bwanji nsalu yofewa?

Imayamba yasungunulidwa ndi mankhwala. Nsungwi zambiri za ntchitoyi zimalimidwa ku China. Akazidula amaziphwanya n'kuziphika mpaka zitakhala phala, kenako amaliviika mu soda waukali wotchedwa sodium hydroxide n'kuthiramo carbon disulfide. Madzi onanda amene amatuluka amawakankhira pa timabowo ting'onoting'ono kulowa mu asidi, ndipo m'menemo amauma n'kukhala ulusi.

Ulusi umenewu ndi rayon, ena amati viscose. Njirayi si yatsopano: Charles Cross, Edward Bevan ndi Clayton Beadle anailembetsa ku Britain mu 1892. Mitengo ya paini kapena bulugama ikadutsa m'njira yomweyi imatulutsa ulusi wofanana, moti pansalu yomalizidwa sipatsala chilichonse chosonyeza kuti inachokera ku nsungwi.

Nanga mankhwalawo amavulaza ndani, poti nsaluyo imatsukidwa isanagulitsidwe?

Wogona pabedi sali pangozi kwenikweni. Amene amaona zakuda ndi ogwira ntchito m'fakitale ndi anthu okhala pafupi nayo. Mpweya wa carbon disulfide umawononga mitsempha ndi ubongo, ndipo m'mafakitale oyambirira antchito ena ankachita misala. Kafukufuku wofalitsidwa ku Britain mu 1968 anasonyeza kuti antchito opuma mpweyawu ankafa kwambiri ndi matenda a mtima kuposa anzawo. Dokotala wa ku America, Paul Blanc, anafotokoza mbiri yonseyi m'buku lake la mu 2016 lotchedwa Fake Silk.

N'zoona kuti nsungwi imakula msanga ndipo ikadulidwa imaphukanso yokha. Koma fakitale ikamatayira madzi a mankhwala mumtsinje, ubwino wa kumunda uja umathera pomwepo.

Kodi mabedishitiwa amaphadi majeremusi?

Bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linanena kuti mphamvu yotere, ngakhale itakhalapo mu nsungwi yaiwisi, siipulumuka m'mankhwala aja. Mu 2009 linaimba mlandu makampani anayi chifukwa chogulitsa rayon pa dzina la nsungwi, ndipo mu 2010 linachenjeza ogulitsa 78 kudzera m'makalata. Ena sanamve. Mu 2013 Amazon, Sears, Macy's ndi Leon Max analipira madola 1.26 miliyoni onse pamodzi. Mu 2022 chindapusa chinakwera: Walmart inalipira madola 3 miliyoni ndipo Kohl's inalipira madola 2.5 miliyoni.

Pochapa amavuta chiyani?

Apa ndi pamene ogula ambiri amadandaula. Thonje likanyowa limalimba, pamene rayon ikanyowa imafooka kwambiri, nthawi zina pafupifupi ndi theka. Choncho kufikisa mwamphamvu, kumenyetsa pamwala kapena kupotokola pofinya, zimene bedishiti ya thonje imapirira kwa zaka, zimathetsa msanga ya nsungwi. Madzi otentha amaichepetsa, mpaka yomwe inkakwana bwino pamatiresi imayamba kuvuka m'makona. Mankhwala oyeretsera a chlorine amadya ulusi wake.

Imachitanso makwinya msanga koma siifuna moto wambiri posita, ndiye wogwiritsa ntchito simbi ya makala ayenera kusamala kwambiri. Popeza imamwa madzi ambiri kuposa thonje, imalemera ikanyowa ndipo imachedwa kuuma nthawi ya dzinja. Pamalo pamene mapazi amakhuza, nsalu yotchipa imayamba kutuluka timibulu ta ulusi.

Kodi palibe nsalu ya nsungwi yopanda mavutowa?

Ilipo mitundu iwiri. Woyamba ndi lyocell, umene amaupanga posungunula nsungwi ndi mankhwala ena osaopsa kwambiri, omwe pafupifupi onse amabwezedwa n'kugwiritsidwanso ntchito m'fakitale momwemo. Lyocell imalimbanso kuposa viscose ikanyowa, koma ndi yokwera mtengo. Wachiwiri ndi wopangidwa popunthapuntha nsungwi n'kupesa luzi lake popanda kulisungunula. Imeneyo ndiye nsalu ya nsungwi yeniyeni, koma ndi yokhakhala, yosowa, ndipo sikawirikawiri kuipeza itasokedwa bedishiti.

Ndiye wogula ayang'ane chiyani?

Awerenge kansalu kosokedwa m'mphepete, osati mawu okongola a papaketi. Pakalembedwa kuti viscose kapena rayon, adziwe kuti wagwira nsalu yofuna madzi ozizira, sopo wofatsa ndi manja opepuka. Aonenso ngati yasakanizidwa ndi polyester, chifukwa zina zotchipa zimakhala ndi polyester wambiri kuposa ulusi wochokera ku nsungwi, ndipo zoterozo zimatentha usiku. Kwa banja lochapa pamanja mlungu ndi mlungu, bedishiti ya thonje lenileni ndi imene imapirira nthawi yaitali.