Liwu la Mwini Wake: Phunziro Lochokera kwa Oimba Jazi

Mayi amazindikira kulira kwa khanda lake ngakhale pakati pa makanda ambiri, ndipo mwana amadziwa kutsokomola kwa atate ake iwo asanafike pakhomo. M'nyimbo zili chimodzimodzi. Alipo oimba ena amene wailesi ikangotulutsa kulira kwa gitala wawo, anthu a pamsika wa ku Zingwangwa kapena a pokwerera basi ku Ndirande amatchula dzina la woimbayo iye asanatsegule pakamwa. Chinthu chimenechi, chimene m'nkhani ino chitchedwa liwu la mwini wake, ndicho chuma chachikulu cha woimba jazi. Mphunzitsi wa ana aang'ono ayenera kudziwa kumene chimachokera, pakuti m'kalasi mwake ndimo chimaphukira, ndiponso ndimo chimafera kawirikawiri.

Jazi ndi dongosolo lake

Jazi inabadwira pakati pa anthu akuda a mumzinda wa New Orleans ku America kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900, ndipo mbale yoyamba ya galamafoni ya nyimbo zimenezi inatuluka m'chaka cha 1917. Dongosolo lake ndi lotere: gulu lonse liyamba ndi mutu wa nyimbo, kenaka zoimbira zina zigwira mayendedwe a nyimboyo mobwerezabwereza, pamene woimba mmodzi apeka zakezake pomwepo, osawerenga papepala, akatha iyeyo alowa mnzake, kufikira onse abwerera ku mutu uja. Kwa Mmalawi zimenezi si zachilendo ayi. Pa gule wamkulu ng'oma zina zimasunga mayendedwe osasintha, koma mbalule imayankhula monga mwini wake afunira, potsata mapazi a wovina.

Popeza aliyense apeka yekha, khalidwe lake limaonekera poyera. Louis Armstrong ankaliza lipenga mokweza ndi mwachimwemwe, naimba ndi mawu osasa. Miles Davis ankakonda kutseka kukamwa kwa lipenga lake ndi kachitsekero, naliza mawu owerengeka, kusiya mipata pakati pake. Chida chinali chimodzi, koma wakumva sangawasokoneze anthu awiriwo.

M'dziko la Malawi dzina la jazi linatambasuka. Anthu obwerera kuchokera ku Joni ndi ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare, anadza ndi magalamafoni, magitala ndi mabanjo, pamodzi ndi nyimbo za kwela za ku South Africa. Posakhalitsa timagulu ta anyamata m'midzi ndi m'makomboni a Blantyre tinayamba kudzitcha magulu a jazi, ngakhale zoimbira zawo zinali banjo, chisekese ndi ng'oma yopanga okha. Wailesi ya MBC, imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 1964, inajambula ndi kuulutsa nyimbo za magulu otere, ndipo oimba ake anadziwika m'dziko lonse. Pomvetsera anthu amenewa, magwero atatu a liwu la mwini wake amaoneka bwino.

Gwero loyamba: chida ndi kagwiridwe kake

Daniel Kachamba, amene anabadwa m'chaka cha 1947 namwalira m'chaka cha 1987, ndi mng'ono wake Donald, amene anamwalira m'chaka cha 2001, anali a m'mudzi wa Singano ku Chileka. Ali ana anakhalako ku Salisbury ndi makolo awo, ndipo kumeneko anamva kwela. Katswiri wofufuza za nyimbo, Gerhard Kubik wa ku Austria, anakumana nawo ku Blantyre m'chaka cha 1967, ndipo m'chaka cha 1974 anatulutsa buku lofotokoza za gulu lawo.

Chitoliro cha kwela ndi kachitsulo kotsika mtengo ka mabowo 6, kopangidwira ana. Koma Donald, monga oliza kwela anzake, sankachigwira molunjika. Ankachilowetsa m'kamwa mopendeka, milomo nkuphimba mbali ya kazenera kotulukira mpweya. Potero mawu ankanenepa, ndipo ankatha kutsetsereka kuchoka pa liwu lina kupita pa linzake monga achitira munthu wodandaula. Daniel nayenso ankaliza gitala ndi zala ziwiri zokha: chala chachikulu chinkayendetsa zingwe za mawu aakulu, chala chamkombaphala nkumaimba pa zingwe za mawu aang'ono, kotero kuti wakumva ankayesa kuti akuliza ndi anthu awiri. Pansi pa zonsezi panali babatoni, ndiye bokosi, ndodo ndi chingwe chimodzi. Woliza akakoka ndodoyo chingwe chimalimba, mawu nkukwera. Apa pali chinthu chofunika kuchisunga: kuchepa kwa zida sikunaphe luso lawo, koma kunawakakamiza kufuna njira zimene mwini chida chokwanira sakanazifuna.

Gwero lachiwiri: chilankhulo

Chichewa chili ndi nyimbo mkati mwake. Mawu akuti mtengo amatanthauza chomera cha m'thengo liwu likakwera pakati, koma amatanthauza ndalama zogulira chinthu liwu likakhala pansi. Khungu la pathupi ndi khungu la m'maso zimasiyananso motero. Chifukwa chake woimba amene alemekeza chilankhulo chake amalola mawu kutsogolera nyimbo. Nyimbo zambiri zomasuliridwa kuchokera ku zinenero za ku Ulaya zimamveka zouma chifukwa mawu ake anakankhidwira m'mayendedwe opangidwira chinenero china.

Alan Namoko wa ku Thyolo, woimba wosaona amene anatsogolera gulu la Chimvu Jazz namwalira m'chaka cha 1995, ankaimba m'Chichewa ndi m'Chilomwe, ndipo banjo wake ankayenda monga munthu wa kumudzi ayankhulira pofotokoza mavuto ake. Chimbale chake cha Ana Osiidwa chinatuluka m'chaka cha 1992, ndipo anthu a kunja amene sankamva mawu ake anachifanizira ndi nyimbo zachisoni za anthu akuda a ku America. Wambali Mkandawire, amene anabadwa m'chaka cha 1952 namwalira pa 31 Januwale 2021, anali ndi gulu la zida zamakono, koma anamanga jazi yake pa Chitumbuka ndi pa magule a kumpoto, monga chimveka m'chimbale chake cha Zani Muwone cha m'chaka cha 2002. Anthu awiriwa anasiyana kwawo, zida ndi omvera. Chimene anafanana nacho ndi chakuti sanabwereke lilime la mwini.

Gwero lachitatu: kutsanzira, kenaka kupatuka

Palibe woimba amene anabadwa ndi liwu lake lokhwima kale. Ana a Kachamba anayamba ndi kutsanzira mbale za oliza chitoliro a ku South Africa monga Spokes Mashiyane, ndipo pambuyo pake anapeka nyimbo zawo m'Chichewa, m'mayendedwe a sinjonjo ndi simanjemanje. Ray Phiri, mwana wa Mmalawi amene anapita kukagwira ntchito ku South Africa, anakulira pa gitala wa atate ake. Atakhwima anatsogolera gulu la Stimela, ndipo gitala wake akumveka m'chimbale cha Paul Simon cha Graceland cha m'chaka cha 1986. Iye anamwalira m'chaka cha 2017. Erik Paliani anaimba kuno m'gulu la Acacias, napita ku South Africa, kumene anakonza chimbale cha Hugh Masekela chotchedwa Phola, cha m'chaka cha 2009. Koma pa chimbale chakechake cha Chitukutuku anatembenukira ku mayendedwe a kwawo. Kutsanzira kuli ngati mtengo woyanga nyemba: nyemba imaufuna kuti ikwere, koma chipatso chake ndi cha nyemba.

Ntchito ya mphunzitsi

Mphunzitsi wotumizidwa ku sukulu ya ku Zingwangwa, m'munsi mwa phiri la Soche, kapena ku Bangwe ndi ku Chilomoni, adzapeza kalasi yodzaza, yopanda piyano kapena gitala. Chiyeso chake chidzakhala kuimbitsa ana onse mofuula pamodzi, ndi kudzudzula aliyense amene liwu lake lapatuka. Kuimba pamodzi n'kwabwino, pakuti kumaphunzitsa mwana kumvera anzake. Koma kukakhala kokhako, mwana amaphunzira kuti kusiyana ndi anzake ndi mlandu. Tsono pali zinthu zinayi zimene mphunzitsi angathe kuchita popanda kugula kanthu.

Choyamba, aphunzitse ana kumva. Awamvetse oimba awiri, nawafunse kuti afotokoze m'Chichewa chomveka kusiyana kwa awiriwo: wina akukanda zingwe, wina akuzisisita, wina akuthamanga, wina akupuma. Potero phunziro la nyimbo lisanduka phunziro la chilankhulo.

Chachiwiri, alandire m'kalasi banjo wa chigubu cha mafuta, chisekese ndi babatoni zimene ana apanga okha, ndipo mwini wake afotokozere anzake chifukwa chake chingwe cholimba chilira mokweza kuposa cholobodoka.

Chachitatu, poimba nyimbo yolandizana, gulu ligwire poyankhira mosasintha, koma otsogolera azisinthana, aliyense apeke mzere wake pomwepo. Imeneyi ndiyo jazi m'maonekedwe ake ang'ono.

Chachinayi, ana akamapeka nyimbo, ayambe ayankhula mawuwo mokweza, amve pamene liwu likukwera ndi pamene likutsika, ndipo nyimbo itsate njira yomweyo.

Si ana onse amene adzakhala oimba, ndipo sukulu sinaikidwire kutero. Koma mwana amene waloledwa kupeka mzere wake pamaso pa anzake adzalimba mtima kulemba chimangirizo cha maganizo ake, ndi kuyankhula pabwalo atakula. Akuluakulu anati m'mera mpoyamba. Mphunzitsi amene akumva liwu lachilendo kumbuyo kwa kalasi ayambe walimvetsera bwino asanalikonze.